Dimba Laling'ono la Pakhomo

Mau amene mphunzitsi wa sukulu ya akuluakulu anayankhula kwa ophunzira ake ku Cateme, m'boma la Moatize

Dzuwa likuswa mtengo. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi. Lero sititsegula mabuku. Lero tikambirana za ndiwo.

Ine ndine mwana wanu. Ena mwa inu munayamba kugwira khasu mayi anga asanakwatiwe n'komwe. Tsono sindinaime pano kuti ndikuphunzitseni kulima. Ndaima pano kuti ndiulule zolakwa zanga, ndiponso kuti ndibweze kwa inu nzeru zimene ndinatola pamakomo anu omwe. Zina muziseka. Sekani ndithu, paja munaseka kale pamene ndinkazichita.

Kumene tinachokera

Ine kwathu ndi ku Zóbuè, kumalire ndi dziko la Malawi. Kumeneko kuli mapiri, kumazizira, ndipo mvula imagwa yambiri kuposa kuno. Mayi anga ali ndi dimba m'mbali mwa kamtsinje. Madzi amangowerama n'kutunga pomwepo. Ine ndinakula ndikuganiza kuti kulima ndiwo zamasamba n'kosavuta: ufese, uthirire, uthyole.

Inunso ambiri munali ndi madimba. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 anasamutsidwa ku Chipanga, Mithethe, Malabwe ndi Bagamoyo kudza kuno ku Cateme, kuti kampani ya Vale ya ku Brazil ikumbe malasha ku Moatize. Mabanja ena anapita ku 25 de Setembro, m'tauni ya Moatize. Anansi athu a ku Mwaladzi nawonso anachoka ku Capanga chifukwa cha mgodi wina. Kumene munachokako ambiri munali pafupi ndi mtsinje wa Revúbuè. Dothi linali la chinyontho, ndipo msika unali pafupi. Kuno mtunda wa ku Moatize ndi pafupifupi makilomita 40, ndipo m'minda yambiri khasu limalira pamwala.

Nkhani imeneyi inamveka kutali. Mu Januwale 2012 anthu a kuno anatseka njanji ya sitima za malasha podandaula za minda, madzi ndi nyumba. Mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa buku la madandaulo amenewa, ndipo dzina la bukulo linali funso lakuti nyumba yopanda chakudya ndi chiyani. Mgodi uja unagulitsidwa, ndipo mu 2022 unalowa m'manja mwa kampani ya Vulcan. Eni mgodi anasintha, koma miyala ya m'minda yanu ili pomwepo, ndipo mtsinje sunasendere.

Izi mukuzidziwa kuposa ine, pakuti pamene inu munkakweza katundu m'magalimoto ine ndinali mwana wa ku pulaimale. Ndazitchula pa chifukwa chimodzi. Inu ndi ine tinafika kuno ndi nzeru ya dimba la kumtsinje. Nzeru imeneyo ndi yabwino kumtsinje, koma kuno imapha mbewu. Nkhani ya minda ikuluikulu ili ndi mabwalo ake, ndipo musaleke kuikamba kumeneko. Koma mphika wa ndiwo sudikira msonkhano. Mwana amafuna chomizira nsima madzulo ano.

Mabedi khumi

Ndinafika kuno mu 2023. Mwezi wa Ogasiti ndinatenga khasu n'kulambula kuseri kwa nyumba imene ndimakhala. Ndinaunda mabedi khumi okwera bwino, monga momwe timachitira ku Zóbuè. Ndinawayeza ndi chingwe. Anali okongola, ndipo ndinkanyada munthu akaima kuwayang'ana.

Agogo ena oyandikana nane anaima ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Anayang'ana mabedi, anayang'ana ine, kenaka anafunsa kuti, "Aphunzitsi, madzi ake mukatunga kuti?" Ine ndinati, "Kumjigo, agogo." Iwo anangoti "Oo," n'kumapita. Ndikadawaitana kuti akhale pansi andimasulire "Oo" ameneyo, sindikadavutika. Koma ndinali nditangomaliza sukulu ya sekondale, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa zonse. Paja safunsa anadya phula.

Tiyeni tiwerengere limodzi, pakuti masamu amenewa ndi amene ine sindinachite. Bedi langa lililonse linali mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali. Nyengo yotentha bedi lotere limamwa malita pafupifupi 20 pa tsiku. Chimenecho ndi chigubu chimodzi chodzaza. Nanga mabedi khumi? Inde amayi, zigubu khumi. Malita 200. Chigubu chimodzi cha madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo inu amene mumachisenza mukudziwa zimenezi ndi khosi lanu. Onjezani mzere wa pamjigo. Onjezani madzi akumwa, ophikira, osamba ndi ochapira. Onjezaninso masiku amene mjigo wafa.

Ndinalimbikira masabata awiri. Kenaka ndinayamba chinyengo. Zigubu zinayi ndinkazigawira mabedi onse khumi, pang'ono pang'ono, kuti lililonse lioneke lonyowa pamwamba. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Madzi ochepa amanyowetsa khungu la dothi lokha. Mizu imatsata madzi, ndiye imakhala pamwamba pomwepo, pamene dzuwa limaotcha. Komanso bedi lokwera limaombedwa ndi mphepo mbali zonse, ndipo madzi amatsetserekera m'njira. Ku Zóbuè timakweza bedi kuti madzi achoke. Ine ndinakweza bedi kudziko kumene madzi amafunika kuwagwira.

Okutobala atafika, kutentha kunapitirira madigiri 40, monga kumachitira kuno m'chigwa cha Zambezi. Repu anafota. Kabichi sanamange mutu ndi mmodzi yemwe. Ndalama za mbewu zinapita, msana unapweteka, ndipo ndiwo ndinkagula kwa inu nomwe.

Mabedi awiri

Chaka chotsatira ndinapita kwa agogo aja ndi kapaketi ka shuga. Ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Agogo, ndabwera kusukulu." Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka ananditengera kuseri kwa nyumba yawo. Dimba lawo ndi laling'ono, mphasa zitatu mukaziyala mwaliphimba lonse. Koma linali lobiriwira. Iwo anati anataya mbewu zaka zitatu atangofika kuno, asanazindikire kuti mtsinje anausiya kumbuyo.

Zimene anandionetsa ndi izi. Bedi la chilimwe lisakwere, lilowe pansi. Mukumbe dzenje la mita imodzi m'lifupi, mamita atatu m'litali, lakuya kufika m'bondo. Dothi lapamwamba, lakuda lija, muunjike mbali imodzi. Dothi lapansi muunjike mbali ina. Miyala muchotse yonse. Ntchito imeneyi ndi yowawa, sindikunamizani. Ine dzenje limodzi linanditengera masiku anayi, ndipo manja anatuluka matuza. Koma mumakumba kamodzi kokha, ndipo bedilo limakutumikirani zaka.

Pansi pa dzenje muyale mapesi, udzu wouma ndi masamba. Pamwamba pake muthire manyowa a m'khola ndi phulusa pang'ono. Kenaka mubwezere dothi lakuda lija mutalisakaniza ndi manyowa ena. Musadzaze mpaka pamwamba. Bedi likhale lotsika ngati mbale, kuya kwake ngati chikhatho, kuti madzi mukathira akhale pomwepo. Miyala ija musataye. Muizungulize m'mbali mwa bedi. Imaletsa dothi kugumuka, ndipo ana amaona pamene sayenera kuponda. Abambo amene munkaumba njerwa ku Chipanga, zidutswa za njerwa zimagwiranso ntchito yomweyo.

Manyowa akhale owolerana. Ine ndinathira zitosi za nkhuku zaziwisi pa bedi limodzi, poganiza kuti zamphamvu ndiye zabwino. Mbande zinapsa ngati zathiridwa madzi otentha. Manyowa abwino ndi akuda, ozizira mukawagwira, ndipo sanunkha khola.

Mbande zikagwira, muphimbire dothi ndi udzu wouma. Dothi lamaliseche limauma msanga ndi kuchita chikhakha. Dothi lophimbidwa mukapisa chala madzulo mumapeza chinyontho cha m'mawa. Ndikuona abambo apo akupukusa mutu. Ndikudziwa, mukuti chiswe. Zoona, chiswe chimabwera. Kwa ine chinadya udzu wonse m'mwezi umodzi. Koma ndinaona kuti chiswe chikapeza udzu wouma chimatanganidwa nawo, ndipo chimakonda kugwira mbewu imene yafooka kale ndi ludzu. Musagundanitse udzu ndi tsinde la mbewu, musiye mpata wa zala zitatu, ndipo muwaze phulusa pampatapo. Udzu ukatha muonjeze wina. Kusenza mtolo wa udzu kamodzi pa mwezi n'kopepuka kuposa kusenza chigubu choonjezera tsiku ndi tsiku.

Thirirani madzulo kapena m'mamawa, ndipo thirirani mokhutitsa. Ndi bwino kuthira madzi ambiri n'kudumpha tsiku, kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Ine ndinakumba mabedi awiri okha. Zigubu ziwiri. Miyezi yozizira chigubu chimodzi chinkakwanira onse awiri.

Chenjezo limodzi. Bedi lolowa pansi ndi la chilimwe. Mvula ya Januwale itabwera, mabedi anga anasanduka zithaphwi, ndipo tsabola anawola mizu. Dzinja likayandikira muonjeze dothi ndi manyowa kuti bedi likwere, kapena mutsegule kangalande kotulutsa madzi.

Mbuzi

Mabedi awiri aja anamera bwino. Mpiru unali ndi masamba ngati makutu a njovu. Ndinati Loweruka ndithyola koyamba. Lachinayi masana ndili pano ndi inu, tikuwerenga, mbuzi zisanu za bambo ena zinalowa. Pobwerera ndinapeza timitengo tokhatokha.

Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinapita kwa eni mbuzi ndi mau okonzeka kale pakamwa. Iwo anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenaka anafunsa kuti, "Mwana wanga, mpanda wako mbuzizo zathyola pati?" Ndinasowa choyankha, pakuti mpanda panalibe. Tonse tikudziwa kuti tikakolola ziweto zimamasulidwa. Wobzala chobiriwira m'chilimwe ndiye amene amatchinga.

Ndiye ndikuti, mpanda uyambe, mbewu ibwere pambuyo. Musafese n'kumati mpanda ndimanga mawa. Apanso dimba laling'ono likupambana, chifukwa mpanda wake ndi wa masiku awiri. Mitengo ingapo, mapesi kapena udzu wa tsekera, ndi nthambi za minga kunja kwake. Nthambi za masau ndi zabwino, mbuzi imaziopa. Sadzani nthambi zokha, musagwetse mtengo, paja masau ndi ndalama zathu nyengo yake ikafika. Chitseko chikhale chomanga ndi chingwe, ndipo ana auzidwe kuti wolowa atseke.

Nkhuku nazo zimapalasa nazale. Ena mumaphimba ndi neti ya udzudzu. Ngati ndi neti yakale yong'ambika imene inasiya ntchito, chabwino. Koma ndinaona pakhomo pena mbande zili m'neti yatsopano, ana akugona pamtetete. Amayi anga, mpiru sudwala malungo.

Mlandu wa mbuzi unatha bwino. Bambo aja anati nditenge manyowa a m'khola mwawo nthawi iliyonse. Tsopano mbuzi zimene zinadya mpiru wanga ndi zomwe zikudyetsa dimba langa, ndipo ine ndimawatumizira ndiwo akazi awo. Ndikadawalalatira tsiku lija, lero bwenzi ndilibe manyowa, ndilibenso mnansi.

Kapinga wa aphunzitsi

Tsopano nkhani imene mukuidikira. Ndikuona amayi apo ayamba kale kuseka.

Ndikapita mumzinda wa Tete ndinkaona udzu wobiriwira, wometedwa bwino, kutsogolo kwa maofesi ndi mahotela. Ndinati pakhomo pa mphunzitsi pazionekanso chomwecho. Ndinakazula kapinga kudambo n'kumubzala pabwalo ponse. Ndinkamuthirira. Kumjigo nkhani inafala yakuti aphunzitsi akumwetsa udzu, pamene alibe ng'ombe kapena mbuzi. Mayi ena anandifunsa poyera kuti, "Kodi udzuwo muziphika ndi nsinjiro kapena ndi mafuta?"

Anali ndi chifukwa. Udzu wa m'tauni uja umamwa madzi a m'mipope, ndipo pali munthu wolembedwa ntchito yousamala. Bwalo langa linali lalikulu kuposa mabedi khumi aja. Seputembala atafika ndinagonja, ndipo kapinga anauma n'kukhala ngati tsitsi la chimanga. Ndinati wafa. Mvula yoyamba itagwa anadzuka yense, pakuti kapinga amabisa moyo m'mizu. Ndipo sanadzuke pabwalo pokha. Anayanga kudutsa pansi pa mpanda n'kulowa m'mabedi anga, momwe munali manyowa ndi chinyontho. Kapinga mukamudula ndi khasu, kachidutswa kalikonse kamamera pakokha. Ndinatha sabata yathunthu ndikumuzula ndi zala. Mu Febuluwale anatalika, ndinabwereka chikwakwa, ndipo potchetcha ndinakumana ndi njoka pafupi ndi khomo.

Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene makolo athu amasesera bwalo kuti mbee. Pabwalo loyera njoka ndi chinkhanira zimaonekera patali. Moto wolusa ukabwera umathera m'mphepete. Pabwalo loyera timayanika ufa, mphale ndi mfutso. Si umbuli ai, ndi nzeru.

Komabe ndili ndi mau awiri pa za tsache. Oyamba ndi awa. Tsache limachotsa dothi pang'ono tsiku lililonse, ndipo madzi otsika pamalata amakumba pansi pa khonde. Pitani mukaone pamakomo ena: maziko a nyumba ali pamtunda, ndi mizu ya mitengo ili poyera. Pamenepo ndi pamene kapinga ali ndi ntchito. Ine ndinamuzula pabwalo ponse, koma ndinasiya kamzere kopapatiza pamene madzi a padenga amagwera, ndi pamene madzi a mvula amathamangira potuluka pabwalo. Sindimuthirira. M'chilimwe amauma, m'dzinja amadzuka n'kugwira dothi. Akhale kutali ndi dimba, ndipo malire ake muziwadula ndi khasu.

Mau achiwiri: zinyalala zimene mumasesa musatenthe. Masamba, makoko a mtedza, zitosi za mbuzi ndi phulusa la kukhitchini, zonsezo ndi chakudya cha dimba. Kumbani dzenje pafupi ndi mpanda, muzitayamo, ndipo nthawi zina muthiremo madzi otsukira mbale. Mapulasitiki, mabatire ndi magalasi osweka zikhale ndi dzenje lake. M'mawa uliwonse ndimaona utsi pamakomo, ndipo ndimati taonani manyowa akupita kumwamba.

Madzi amwedwe kawiri

Madzi amene asenzedwa pamutu asagwire ntchito imodzi yokha. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbale apite kudimba. Pansi pa thandala pamadontha madzi tsiku lonse, bzalanipo tsabola. Kumene madzi a kubafa amatulukira musasiye chithaphwi choswetsa udzudzu. Kumbani kangalande, ndipo kumapeto kwake mubzale papaya, nthochi kapena chammwamba. Chammwamba sachedwa kukula, saopa dzuwa, ndipo masamba ake ndi ndiwo yopatsa thanzi. Koma madzi a sopo waufa wochapira zovala musathire pa mabedi a ndiwo. Ali ndi mchere umene umaononga dothi pang'ono pang'ono. Ndipo madzi alionse ogwira kale ntchito muthire pa dothi, osati pa masamba amene mudzadya.

Agogo aja ali ndi nzeru inanso. Amakwirira mphika wadothi pakati pa bedi, kusiya pakamwa pokha, n'kuudzaza madzi ndi kuuvundikira. Mphika wadothi umachita thukuta. Madzi amatuluka pang'ono pang'ono pansi pomwepo pali mizu, dzuwa osawaona. Amadzaza pakapita masiku awiri kapena atatu. Mphika wong'aluka umene mukufuna kutaya ndi wabwinonso. Amene mulibe mphika, boolani timabowo pa botolo la pulasitiki n'kulikwirira chimodzimodzi.

Pa kangalande ka kubafa ndikupemphani musunge malo a chinthu chimodzi: mbewu ya mbatata. Chaka ndi chaka mvula ikagwa timayendayenda kupempha mbewu ya mbatata, chifukwa yathu inauma mu Okutobala kapena inadyedwa ndi mbuzi. Tikaipeza, mvula yapita kale theka. Kabedi kakang'ono kotchingidwa kamasunga mbewu mpaka dzinja, ndipo chilimwe chonse mukuthyolapo kholowa. Ngati mungapeze mbatata yofiira mkati, sungani imeneyo. Ili ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Mu 2011 dziko lathu linatulutsa mitundu 15 ya mbatata imeneyi yopirira chilala. Mayi Maria Andrade, katswiri amene anagwira ntchito imeneyi kuno ku Mozambique zaka zambiri, analandira mphoto yaikulu ya dziko lonse ya za chakudya mu 2016. Afunseni alangizi a zaulimi kumene mbewuyi ingapezeke.

Phwetekere ndi mapaketi a mbewu

Phwetekere ndiye anandiliza kawiri. Koyamba ndinamuokera mu Seputembala, poti mtengo wake umakwera kumapeto kwa chaka. Anakula, anachita maluwa, koma maluwa onse anayoyoka. Ndinaganiza kuti ndi matenda. Iai, kunali kutentha. Kukatentha kwambiri duwa la phwetekere siligwira chipatso. Kuno nthawi yake ndi kufesa mu Malichi kapena Epulo, kuti achite maluwa kukuzizira. Vuto lake n'lakuti nthawi imeneyo aliyense ali ndi phwetekere, ndipo mtengo umagwa. Wotsala mudule mapisi, muwaze mchere pang'ono, muyanike pa thandala loyera. Dzuwa limene limatipha mu Okutobala ndi lomwe limayanika bwino.

Kachiwiri ndinaona mizere yoyera m'kati mwa masamba, ndi timabowo pa zipatso. Ndi kambozi kotchedwa Tuta absoluta. Kanachokera ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, ndipo cha mu 2016 kanali katafika m'maiko athu ano. Ndiye chifukwa chake inu amene munkalima phwetekere ku Revúbuè simunakaone kale. Kamakhala m'kati mwa tsamba, motero mankhwala ambiri sakafikako, ndipo kamazolowera mankhwala msanga. Pa dimba laling'ono manja ndiwo mankhwala oyamba. Yenderani mbewu m'mawa uliwonse, thyolani masamba ogwidwa, ndi kuwatentha kapena kuwakwirira mozama. Amenewa okha musaponye m'dzenje la manyowa. Mukamaliza kukolola zulani mitengo yonse yakale. Pa bedi limenelo musabwerezenso phwetekere kapena mabiringanya, bzalanipo anyezi kapena khobwe.

Nsabwe za pa repu ndi mpiru ndimazithira madzi a masamba a nimu osinja, oviika usiku wonse, osakaniza ndi sopo wamtanda pang'ono. Amene mwagula mankhwala a m'botolo, musathire musanawerenge. Papepala pamalembedwa muyeso, ndiponso masiku odikira musanathyole ndiwo. Mau akakukanikani bweretsani botololo kuno tiwerenge limodzi. Ndipo botolo la mankhwala lisasanduke la mafuta ophikira kapena la madzi akumwa.

Paketi ya mbewu nayonso imayankhula. Ine ndinagula mbewu ya anyezi pamsika wina, ndinafesa, ndinathirira masabata atatu, osamera ndi imodzi yomwe. Nditatembenuza paketi ndinapeza kuti nthawi yake inali itatha kale. Mphunzitsi wowerenga, koma osawerenga! Funani tsiku lolembedwa papaketi. Pa Chipwitikizi amalemba kuti validade. Mbewu ya anyezi sichedwa kufa, makamaka ikakhala padzuwa. Mukakayika mbewu iliyonse, werengani njere 10, muzikulunge m'kansalu konyowa, musalole kuti kaume. Pakatha sabata kapena masiku khumi tsegulani. Zikamera 8 kapena 9, fesani. Zikamera 3, musataye madzi anu. Mukaona papaketi chilembo F ndi nambala 1, dziwani kuti mbewu imeneyo imabereka bwino ulendo woyamba, koma njere zake mukasunga ana ake satengera makolo.

Ndipo tisanyoze ndiwo zathu. Bonongwe, luni, denje, therere, chitambe ndi nkhwani sizifuna paketi, ndipo njere zake timasunga tokha m'botolo louma lothira phulusa. Ine tsopano ndimagawa chaka pawiri. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ndimalima mpiru, repu, anyezi ndi phwetekere. Kutentha kukayamba ndimasiya zimenezo, ndipo ndimafesa bonongwe, therere ndi khobwe, pansi pa kamthunzi ka udzu woyalidwa mopyapyala pa timitengo. Kabichi ndinamusiyira a ku Zóbuè ndi a ku Angónia. Kumeneko ndiye kwawo.

Chaka cha chilala

Mukukumbukira dzinja la 2023 kulowa 2024. Mvula inadula chimanga chikufuna kumasula, ndipo chilala chinagwira chigawo chathu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ambiri nkhokwe zinali zopanda kanthu. Sindinganene kuti mabedi awiri amalowa m'malo mwa nkhokwe, limenelo lingakhale bodza. Bedi silibereka nsima. Koma chaka chimenecho ndinaona kusiyana kwa makomo. Pakhomo popanda dimba, kandalama kakapezeka kankagawidwa pawiri, ufa ndi ndiwo. Pakhomo pa agogo aja ndalama yonse inkapita ku ufa. Zidzukulu zawo zinkadya masamba tsiku lililonse, ndipo otsala ankawafutsa n'kuyanika. Mfutso umenewo unawafikitsa ku mvula. Ine mabedi anga awiri, atachira ku mbuzi, anandipatsa ndiwo masiku anayi kapena asanu pa sabata.

Ena mwandifunsa kuti bwanji tsopano osakulitsa. Ndayesa bedi lachitatu chaka chino. Ngati mjigo sundikhumudwitsa ndilisunga, ukafa ndilisiya n'kupulumutsa awiri aja. Inunso yambani powerenga zigubu zimene pakhomo panu mungasenze popanda kulanda madzi akumwa, ndiponso popanda kujombetsa mwana wamkazi kusukulu. Nambala imeneyo ndiyo nambala ya mabedi anu. Abambo, chigubu chimakwera bwino panjinga. Dimba likakhala la amayi okha posenza madzi, koma la banja lonse pakudya, silikhalitsa.

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwere, tikumane kuseri kwa sukulu. Tikumba bedi limodzi pamodzi kuti aliyense aone ndi maso. Abambo bwerani ndi makasu ndi zikwanje, ndipo amene ali ndi piki asaiwale. Amayi bwerani ndi mtolo wa udzu wouma ndi njere zilizonse zimene munasunga, tidzagawana. Aliyense atenge kope ndi pensulo, tidzalemba tsiku lofesa ndi dzina la mbewu. Agogo aja avomera kubwera, ndipo tsiku limenelo mphunzitsi ndi iwowo. Ine ndibweretsa manyowa a mbuzi zija.